Yemwe Ankamaliza Madzi Kumayadi

Mukadzafika pa Kachulu n'kumva anthu akuitana munthu kuti "a Mipira," musadzaganize kuti ndi katswiri wa mpira wamiyendo. Munthuyo ndine, ndipo chibadwire sindinagoletsepo chigoli ngakhale chimodzi. Dzinali ndinalitola m'chimbudzi. Poti anthu akuikamba nkhaniyi mothira mchere, ena mpaka akuti ndinagweramo, ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha mmene inayendera.

Ine ndine munthu wa madzi. Ndinakulira m'bwato la bambo anga, ndipo dzinja likafika ndimalima mpunga kudambo. Madzi akaima m'ngalande zathu zothirira, amene amaitanidwa ndine. Ndimatsata ngalandeyo mpaka nditapeza chimene chatsekereza, kaya ndi udzu, kaya chigubu, kaya galu wakufa, ndikachotsa madzi n'kuyambanso kuyenda. Nzeru zanga zonse zinagona pa mfundo imodzi: chinthu chikayandama pamwamba, madzi n'kuima, cholakwa ndi chinthucho. (Mfundo imeneyi muisunge bwino, ibweranso.)

Chaka chimenecho nyanja ya Chilwa inabwerera m'mbuyo, nsomba n'kusowa. Ndinkachoka m'mamawa n'kubwerako ndi matemba oti mphaka atadya angafunse kuti ndiwo zenizeni zibwera nthawi yanji. Mkazi wanga, amake Tadala, sankalankhula zambiri. Ankangoyang'ana m'kabeseni muja, n'kuyang'ana ine, n'kukathyola chisoso. Kuyang'ana kumeneko kunkandiwawa kuposa kulalata.

Tsono kumtunda kwa doko kuli nyumba zisanu za malata a mtundu, za anthu amene malonda a nsomba ndi mpunga anawayanja. Anasonkherana n'kukumbitsa chitsime chawo, anaika pampu ya sola ndi chithanki chobiriwira pansanja ya zitsulo, madzi n'kumalowa okha m'nyumba. Ife a m'mudzi timati kumeneko ndi kumayadi, ngati kuja kwa mabwana m'tauni ya Zomba. Imodzi mwa nyumbazo ndi ya mlongo wanga Esinati ndi mwamuna wake, alamu anga a Makwinja, amene ali ndi malole awiri onyamula nsomba zouma.

Tsiku lina alamu ananditumizira uthenga woti anthu a kumayadi akufuna woyang'anira thanki: kupukuta fumbi pa sola, kutsegula ndi kutseka madzi, kuthamangitsa mbuzi zodzikanda pa mapaipi. Ntchito ya chaka chonse, yosauma ngati nyanja. Anati ndikakhale kwawoko masiku angapo kuti anzawo andione kaye. Ndinaifuna ntchito imeneyo ndi mtima wanga wonse, makamaka kuti kuyang'ana kwa m'kabeseni kuja kuthe.

Pondiperekeza, amake Tadala anati, "Abambo, kumeneko mukayende ndi maso. Manja mukawasunge m'thumba."

"Iwe, ukundiyesa mbava?"

"Ayi, ndikukuyesani wokonza zinthu. Mbava imaposa pamenepo, imadziwa chimene ikuchita."

Ndinaseka n'kukwera njinga.

Kwa alamu anandilandira ndi nkhuku yokazinga, mafuta ake ochita kuyenderera m'zigongono. Mimba yozolowera chisoso inadabwa, ndipo dzuwa lisanapendeke inayamba kufunsa mafunso. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinafunsa njira ya kuseri, mlongo wanga n'kundilozera chitseko cha m'nyumba momwemo, moyandikana ndi chipinda chimene anandipatsa. Chimbudzi chogejemula ndinali nditachimvapo, koma kukhalapo kanali koyamba.

Zina zija ndizilumpha. Nditamaliza ndinakoka kachitsulo, madzi n'kukhuthuka ndi mkokomo ngati mvula ya Januwale padenga. Ndinasangalala. Ndinakokanso kuti ndionenso (musandiseke, inunso munachita), koma ulendo uno kunangobwera timadzi tochepa. Munthu wa madzi mwa ine anadzuka. Manja anatuluka m'thumba okha.

Ndinanyamula chivundikiro cha kathanki kakumbuyo kaja n'kusuzumira. Munali mpira wa mtundu wa lalanje, waukulu ngati dzaye, womangiriridwa pa kachitsulo kakatali. Madzi akamakwera, mpirawo unkakwera nawo, mawu a madzi n'kumachepa, kuchepa, mpaka zii. Nditaukankhira pansi ndi chala, madzi anayambanso kutuluka. Nditausiya, anaimanso.

"Ndakugwira," ndinatero.

Kunena chilungamo, ndinadzifunsa kuti chinthu chomangidwa bwino chonchi chingakhale chinyalala? Yankho ndinalipeza pabalaza. Mipando ya sofa ya alamu inali ikadali m'mapulasitiki ake a kusitolo, pa wailesi yakanema panali pepala lomata, ngakhale firiji inali itakhazikidwa pa makatoni ake. Ndinazindikira kuti anthu olemera sachotsa zimene katundu anabwera nazo. Mpirawo unali choikira cha a sitolo kuti zinthu zisasweke pa lole, basi. Ndinaumasula pang'onopang'ono n'kuuponya m'thumba la jekete. Madzi anadzaza, anapeza kapaipi kena m'kati momwemo, n'kuyamba kutsikira pansi mosalekeza, mokongola, ngati ngalande yongopala kumene. Ndinatuluka ndikudziguguda pachifuwa kuti alamu ndawakonzera chimbudzi chodzitsuka chokha, ndipo sindiwauza, akadziwe okha ubwino wanga.

Patapita masiku awiri, thanki imene inkagona ndi madzi inayamba kuuma dzuwa litangopendeka. Mayi Namagowa a nyumba yachitatu, mayi wamasiye wogula mpunga wa chigawo chonse pa lole yawoyawo, madzi anawathera ali ndi sopo kumutu, ndipo mawu amene analankhula anamveka mpaka kudoko. Lolemba anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango wa kwa alamu. Wapampando anali a Likoswe, bambo wopuma pa ntchito ya m'boma, amene amavala tayi ngakhale pokapatsa nkhuku madeya.

Aliyense anali ndi womuloza chala. Wina anati pampu yatopa. Wina anati pali nyumba imene ikugulitsa madzi kwa oumba njerwa. Mayi Namagowa anati iwo sakutchula dzina, koma pali anthu ena amene amathirira udzu ngati ndi fodya wopita ku okushoni. A Likoswe anakonza tayi n'kuyankha kuti iwonso sakutchula dzina, koma lole si mwana woti azisambitsidwa tsiku ndi tsiku.

Apa alamu anaimirira. "Abale, mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa. Alamu angawa madzi amawamvera ngati ana awo. Tiwapatse mpata."

A Likoswe anandiyang'ana kuyambira ku patapata mpaka kuchipewa. "Achimwene, mukatipezera chimene chikumaliza madzi pofika Loweruka, makiyi a thanki ndi anu."

Ndinawomba m'manja mwaulemu. Mumtima ndinali nditayamba kale kusankha chingwe chomangira makiyiwo m'khosi. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndinayamba ndi nyumba ya a Likoswe omwewo. Ndinawapeza atagwira paipi ya labala, akuthirira kapinga.

"Bwana, udzu uwu mumadya?"

"Ayi."

"Mbuzi zimadya?"

"Ingayese! Ndingaithyole mwendo."

"Ndiye mukuuthirira m'mawa ndi madzulo kuti utani?"

"Kuti ukule."

"Ukakula?"

"Timautchetcha."

Ndinawauza kuti ulimi wotere kwathu kudambo munthu amamutengera kuchipatala, ndipo ndinalamula kuti kuthirira kuyambe kwaima. Kenako ndinapempha kuona mapaipi a m'nyumba. Ndinanyamula chivundikiro cha m'chimbudzi mwawo. Nawu mpira, wabuluu ulendo uno. Nawonso a Likoswe, munthu wa sukulu, osachotsa choikira cha kusitolo! Ndinaumasula mwachifundo.

"Nanga phokoso limenelo?" anafunsa ali pakhomo.

"Madzi akupuma, bwana. Anali otsamwa."

Anagwedeza mutu movomereza. "Ku ofesi kwathu kunali chimodzi chotere. Chinkalira chaka chonse."

"Ndiye chinali chabwinocho," ndinatero.

M'mawa mwake thanki inauma masana enieni, nthawi yophika. Ndinaona kuti adani ndi ambiri, ndiyenera kulimbikira. Kwa Mayi Namagowa ndinaletsa kutsuka lole, kenako ndinaima pakhomo la bafa n'kuyang'ana shawa, kachitsulo kamabowo kogwetsa madzi kuchokera kumwamba.

"Mayi, mundikhululukire. Mumasamba kangati patsiku?"

"Achimwene, mwabwera kudzaona mapaipi kapena kudzandifunsira?"

"Mapaipi, mayi."

"Katatu. Ndipo ndikakwiya, kanayi."

Ndinawafotokozera kuti munthu wosamba m'ndowa amaona madzi ake akutha, ndiye amachita nawo manyazi, pamene wosamba mvula ya m'nyumbayi amayamba kuimba nyimbo ya kwaya n'kuimaliza mavesi onse. Anandiyang'ana moipa, koma anavomera kubwerera ku ndowa mpaka Loweruka. Nyumba yawo inali ndi zimbudzi ziwiri. Ndinatulukamo matumba onse a jekete atatupa.

Zimene ndinaona kumayadi sabata imeneyo, abale, sindidzaiwala. Nyumba ina ankasambitsa galu ndi sopo wonunkhira, galuyo akuoneka kuti akupempha imfa. Nyumba ina sankasesa khonde ndi tsache, ankathamangitsa tsamba limodzi la mango ndi paipi ya madzi kuchokera pakhomo mpaka kugeti. Kwina anakumbira abakha kadziwe ka simenti, nyanja yonse ya Chilwa ili apo. Zonsezi ndinaletsa. Ndipo paliponse pamene ndadutsa ndinkasiya madzi akupuma. Kuphatikiza chimbudzi china cha kuchipinda kwa alamu, mipira inakwana isanu ndi iwiri.

Anthu aja anandimvera, ndisawanamizire. Kapinga wa a Likoswe anafiira. Lole ya Mayi Namagowa inachita fumbi loti anthu n'kumalembapo maina ndi chala. Galu uja anayamba kununkha ngati galu, n'kuoneka wosangalala koyamba. Koma thanki, m'malo mochira, Lachinayi inauma anthu asanamalize kumwa tiyi. Azimayi a kumayadi anasenza ndowa n'kukaima pamzere pa mjigo wa m'mudzi, amayi a kumeneko n'kuwalandira ndi ulemu wonse: "Fikani, fikani, asiyireni malo alendo. Kodi mvula ya m'nyumba ija yakata?"

Mwina mukufunsa kuti mipira ija inali kuti. Lachitatu madzulo ndinathamangira kwathu n'kukaimangirira pa matchera anga, maukonde ophera nsomba. Asodzi anzanga amayandamitsa maukonde awo ndi zidutswa za patapata ndi timabotolo, koma anga ankawala pamadzi: lalanje, buluu, lalanje, wakuda, ngati mikanda ya mkwatibwi. Anthu padoko ankachita kuloza.

"Zimenezi mwazitenga kuti?" anafunsa amake Tadala pamene ndinkamanga.

"Zinyalala za kumayadi."

"Zinyalala zake zochita kumasula?"

"Iwe, za madzi uzisiyire eni ake."

Anandiyang'ana ngati mmene ankayang'anira m'kabeseni muja.

Lachisanu ndinali nditayamba kuda nkhawa. Ndinakumba motsata paipi yonse kuti mwina wina wa m'mudzi walumikiza yake mobisa, osapeza kanthu. Ndinauza a Likoswe kuti mwina dzuwa likumwa madzi kudzera mu sola, iwo n'kulemba m'kabuku kawo. Ena anali atayamba kunong'ona kuti izi si za mapaipi ayi, pali amene watsirika thanki. Kenako kuseri kwa nyumba ya alamu ndinapeza nthaka yanyowa, udzu wabiriwira, madzi akutumphuka kuchokera pansi, achule atafika kale ndi mabanja awo.

"Alamu! Kasupe!" ndinafuula. "Mulungu wakuonani. Apa pakhoza kukhala nazale ya mpunga."

Alamu anafika, ananunkhiza, n'kubwerera m'mbuyo masitepe atatu. Mlongo wanga anafika, ananunkhiza, n'kunena kuti pamenepo ndi pamene pali dzenje lolandira za m'zimbudzi, ndipo ladzaza mpaka kusefukira. Sanafunse mwamuna aliyense. Analowa m'nyumba n'kuimbira foni pulambala wa ku Songani amene anaika mapaipiwo.

Ine sindinataye mtima. Ndinaganiza mozama n'kupeza yankho: ngati tithanki tating'ono tonse tinali ndi mipira, ndiye kuti m'chithanki chachikulu muli mayi wawo, ndipo ndi ameneyo akuletsa madzi kudzaza. Loweruka m'mawa anthu onse a kumayadi atasonkhana kuti amve lipoti langa, ndinavula jekete, ndinalavulira m'manja, n'kuyamba kukwera makwerero a nsanja. Ndinali pa sitepe yachisanu pamene kabaza wa njinga yamoto anaima pageti. Anatsika pulambala uja, mayi wamfupi wovala ovolosi, chikwama cha zida chili paphewa.

Sanapite ku thanki, sanapite ku pampu. Anaima pakati pa bwalo n'kukweza dzanja. "Tangokhalani chete pang'ono, makolo anga."

Tonse tinakhala chete. Ndipo kuchokera m'nyumba zonse zisanu munkamveka mawu amodzi, otsika, ogwirizana ngati kwaya ya amayi: shiiiii.

Mayi uja analowa kwa alamu, n'kutuluka atanyamula chivundikiro m'manja. "Mpira wa muno uli kuti?"

Apa ndi pamene ndimafuna mundimvetse. Munthu wina akanatsika mwakachetechete n'kulowera kudambo. Ine ndinaona kuti nthawi yoyamikiridwa yakwana. Ndinagwira chitsulo ndi dzanja limodzi, linalo n'kudzimenya pachifuwa, n'kulankhula mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve.

"Ndinachotsa ndine, mayi! Musavutike, nyumba zonse ndamaliza kale. Watsala wam'mwamba muno."

Palibe anawomba m'manja. Mayiyo anaika chivundikiro pansi mosamala.

"Bambo, mumagwira ntchito yanji?"

"Ndine mlimi wa mpunga. Za ngalande ndiye kwathu."

"Chabwino. Munda ukadzaza madzi, mumatani?"

"Timatseka pakamwa pa ngalande ndi chibuma."

"Mukapanda kutseka?"

"Aaa, madzi onse angothera m'munda umodzi, anzako kumunsi..."

"Mpira uja ndiye chibumacho," anatero.

Sitepe yachisanu si patali, koma sindinatsikepo mtunda wautali ngati umenewo. Alamu ankayang'ana nsapato zawo. A Likoswe ankayang'ana kapinga wawo wofiira uja ngati munthu ali pamanda. Mayi Namagowa anangoti, "Sabata yathunthu m'ndowa. Ine."

"Ili kuti mipirayo?" anafunsa pulambala.

"Ili pa ntchito, mayi."

"Ntchito yanji?"

"Panyanja."

Ulendo wa kudoko unali ngati wa ukwati, kungoti mkwati ankayenda atazolika. Kutsogolo ine, kumbuyo a Likoswe ndi tayi yawo, Mayi Namagowa, alamu, pulambala, ndi aliyense amene tinkakumana naye m'njira. Loweruka pa Kachulu pamakhala anthu, ogula nsomba, oyanika matemba, makondakitala a minibasi za ku Zomba. Poti nyanja inathawa, ndinayenda m'matope ofika m'mawondo kukafika pamene panali bwato, gulu lonse likuonerera. Ndinamasula mipira, ndinaitunga pachingwe, ndipo posowa pogwirira ndinaikoleka m'khosi, pomwe paja pankayenera kukhala makiyi. Nditatuluka, mayi wina woyanika matemba anakuwa kuti, "Abwera a Mipira!" Doko lonse linagwa ndi phwete, ndipo dzina linamata pomwepo.

Pulambala anawerenga n'kupeza isanu ndi umodzi. Ndinati winawo nyanja yatenga. M'chimbudzi cha alendo cha kwa alamu anamangiriramo botolo la pulasitiki, likugwira ntchito mpaka lero. Madzulo a tsiku lomwelo thanki inadzaza mpaka pakamwa, ndipo m'mawa mwake a Likoswe ankathirira kapinga, lole inkasamba, tsamba la mango linkathamangitsidwa kupita kugeti, madzi osatha. Zonse zimene ndinaletsa zija zinkamwa madzi ndithu, sindinaname, koma sizinkafika pa ine ndekha.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, amake Tadala anagwira tambala wathu mmodzi yekhayo n'kupita kumayadi kukapepesa, ine ndikutsatira patali. Anagwada pansi pa mango paja n'kunena kuti mwamuna wawo si munthu woipa, kungoti manja ake amafika msanga kuposa mutu. A Likoswe anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, inuyo za mapaipi mumadziwako?"

"Ayi bambo, sindidziwa kalikonse. Ndipo chimene sindichidziwa sindichigwira, ndimafunsa."

A Likoswe anayang'ana Mayi Namagowa. Mayi Namagowa anayang'ana alamu. Makiyi anatuluka m'thumba la jekete la a Likoswe n'kudutsa pamphuno panga penipeni, kukagwera m'manja mwa amake Tadala.

Kunama n'kulakwa, zinandiwawa. Masiku angapo sindinkadya bwino. Koma pakhomo pathu chisoso tsopano timadya mochita kufuna, ndipo m'mawa uliwonse ndimawakweza pa njinga a woyang'anira thanki n'kukawatula pageti, makiyi akulira m'khosi mwawo. Kulowa amandilola. Kungoti mimba ikafunsa mafunso, mlongo wanga amandilozera chimbudzi chokumba cha kuseri kwa mpanda, ndipo zivundikiro zonse za kumayadi anazimanga ndi waya.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya chisa chonse. Masiku ano ndimafunsa, mpaka anthu amatopa nane. Koma pali chinthu chimodzi chimene sindinafunse aliyense. Mukadzapalasa kupitirira mabango a kumpoto kwa doko, kumene ogula nsomba safika, mudzaona ukonde woyandama ndi zidutswa za patapata, ndipo kumapeto kwake kanthu kozungulira kopakidwa matope, kamene mvula ikakatsuka kamaoneka lalanje. Nyanja sinatenge kanthu. Ndi woyamba uja, ndipo chiuyikireni sunamirepo ngakhale kamodzi. A woyang'anira thanki asamve.